Eni dzina la 'ayirishi' amatseka misewu pa 17 Malichi

Mukapikula thumba la mbatata ya kachewere yochokera ku Ntcheu kuti mukazinge tchipisi pa Lirangwe, mumangoti ndi "ayirishi." Koma eni dzinali mbatata yomweyi inawaliza.

Mu 1845 matenda anayamba kuwoletsa mbatata m'minda ya ku Ireland. Njala inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, enanso ochuluka chomwecho anakwera zombo kuthawa kwawo.

Komwe anafikako sanataye mwambo. Pa 17 Malichi, tsiku la Patrick Woyera, zidzukulu zawo zimavala zobiriwira ndi kuguba m'misewu. Ku New York perete wake anayamba kale mu 1762, koma othawa njalawa ndiwo anadzamukuza. Ku Chicago, kuyambira 1962, amathira utoto mumtsinje mpaka madzi onse biriwiri! Ogulitsa zipewa, malaya ndi mowa wa Guinness tsikuli amakolola ndalama.

Kuno kwathu anthuwa si achilendo. Monsinyolo John Roche, yemwe boma la MCP linamupitikitsa mu 1992 kaamba ka kalata ya maepiskopi ija, anali wa ku Ireland, wa chipani cha ansembe a Patrick Woyera.

Nafenso umphawi ukutibalalitsa. Achinyamata a kwa Kuntaja ndi kwa Lundu akutha, ena pa basi, ena pa ndege ya pa Chileka, ulendo wa ku Joni. Kodi zidzukulu zawo zidzavina beni m'misewu ya Johannesburg, kapena zidzaiwala ndi Chichewa chomwe?