Kabaluni kokuza mapapo mwana asanabadwe

Kutseka kholingo la munthu ndi kumupha. Koma pachipatala cha UZ Leuven ku Belgium madokotala amatseka dala kholingo la mwana ali m'mimba, kuti tsiku lobadwa adzathe kupuma.

Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu wopyapyala wotchinga, womwe umatithandiza kukoka mpweya. Mwa ana pafupifupi 4,000 alionse, mmodzi amabadwa mnofuwu uli ndi chibowo, kawirikawiri kumanzere. Vutoli achipatala amalitcha CDH. Matumbo, chifu, nthawi zina ndi chiwindi chomwe, zimakwera n'kukadzaza m'chifuwa, mtima n'kukankhidwira pambali, mapapo n'kusowa pokulira. Ali m'mimba mwanayo savutika, poti mpweya amaulandira kwa mayi ake kudzera mumchombo. Nkhondo imayamba akangobadwa. Chibowo chimasokeka, koma mapapo opinimbira palibe dokotala angawasoke.

M'zaka za m'ma 1980, dokotala Michael Harrison wa ku San Francisco ankatsegula chiberekero n'kusoka chibowocho mwana asanabadwe. Chiwindi chikakhala kuti chakwera kale, zinkakanika. Nzeru ina inatulukira poyesa pa ana a nkhosa. Mapapo a mwana wosabadwa amapanga timadzi tomwe timatuluka kudzera kukholingo. Mukatseka njirayo timadzito timadzazana, mapapo amatamuka, ndipo kutamukako kumawakuza.

Mu 2004, madokotala Jan Deprest wa ku Leuven, Kypros Nicolaides wa ku London ndi Eduard Gratacós wa ku Barcelona anafalitsa njira yochitira izi osang'amba mimba, yotchedwa FETO. Mwanayo amamubaya mankhwala kuti asamve ululu komanso asatakasuke. Kenako kapaipi ka kamera, konenepa mamilimita atatu okha, kamaboola khungu la mayi, kulowa m'chiberekero, m'kamwa mwa mwana, kudutsa palilime mpaka kukholingo. Kumeneko amafufumitsa kabaluni n'kukasiya. Kamachotsedwa mimba ikafika sabata ya 34.

Umboni unachedwa, koma unabwera mu 2021 pamene magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa TOTAL. Amayi 80 amene ana awo anali ndi mapapo aang'ono zedi anagawidwa pawiri. Mwa ana 40 oikidwa kabaluni pakati pa sabata ya 27 ndi 29, ana 16 anatuluka m'chipatala amoyo. Mwa 40 enawo anatuluka 6 basi. Kusiyana kunali koonekeratu moti kafukufukuyo anamuimitsa asanathe. Kwa ana a vuto lapakatikati, opulumuka anali 63 pa 100 mwa oikidwa kabaluni ndi 50 pa 100 mwa osaikidwa, kusiyana komwe sikunakwane kukhala umboni.

Mtengo wake si wochepa, ndipo wousenza ndi mayi. Pafupifupi theka la amayi a FETO nsupa inasweka nthawi isanakwane, ndipo ana atatu mwa anayi alionse anabadwa masiku osakwana. Kabaluni kakadali m'kati, mayi sangatalikire chipatalacho, usana ndi usiku, chifukwa matenda akangoyamba mwadzidzidzi payenera kupezeka wodziwa kukachotsa, apo ayi khandalo silipuma. Ku France apanga kabaluni ka Smart-TO, komwe kamaphwa kokha mayi akayandikira maginito a makina a MRI. Ine ndikuona kuti apa ndiye pofunika kulimbikira, chifukwa njira yomangirira banja pakhomo pa chipatala chimodzi kwa milungu yambiri singafikire anthu ambiri.

FETO imachitika m'zipatala zochepa padziko lapansi, koma chiyambi chake n'chimodzi kulikonse: sikani. Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera aunikidwe kamodzi sabata ya 24 isanakwane. Vuto likadziwika msanga, ngakhale kumene kulibe kabaluni, mayi angathe kukachirira kuchipatala chokhala ndi makina opumira komanso madokotala a opaleshoni ya ana. Amayi, mukapita kusikelo, funsani za sikani.