Maphunziro ophatikiza m'madera akumidzi ku Malawi

Maphunziro ophatikiza, omwe pa Chingerezi amatchedwa blended learning, ndi njira yomwe wophunzira amaphunzitsidwa ndi mphunzitsi maso ndi maso komanso kudzera pa wailesi, foni, tabuleti kapena mabuku owerenga payekha. Njirayi ndi yofunika ku Malawi chifukwa kalembera wa 2018 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumidzi, komwe aphunzitsi ndi mabuku n'zochepa.

Mbiri

Mu 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, yomwe pano ndi Malawi College of Distance Education. Ophunzira ankalandira maphunziro olembedwa, kumvera wailesi, komanso kukumana ndi aphunzitsi m'malo osankhidwa. Mu 1998 malowa anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zotchedwa CDSS.

Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana anachuluka kwambiri m'makalasi. Mu 2007 boma, mothandizidwa ndi USAID, linayambitsa pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere ya ana a makalasi oyambirira. Pulogalamuyi ikamaulutsidwa pa MBC, mphunzitsi amatsogolera ana kuyankha mafunso, kuimba ndi kuwerengera motsatira mawu a pa wailesi.

Matabuleti

Mu 2013 mabungwe a onebillion ndi VSO anayamba kuyesa matabuleti pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe. Mwana amavala zomvetsera m'makutu n'kumaphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pa liwiro lake, kenako n'kubwerera kwa mphunzitsi. Mu 2023 boma linayambitsa ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale zaboma. Matabuletiwa amatchajidwa ndi magetsi a dzuwa ndipo safuna intaneti pophunzira.

Ku Ludzi

Ludzi ndi dera la m'boma la Mchinji, lomwe lili m'malire ndi Zambia. Kuli mishoni ya Katolika komanso sukulu ya sekondale ya atsikana ya Ludzi. Mabanja ambiri ozungulira amadalira ulimi wa chimanga, mtedza, soya ndi fodya, ndipo nthawi ya dzinja ana ena amajomba kusukulu chifukwa cha ntchito zakumunda kapena misewu yoipa. M'madera otere wailesi imafikira anthu ambiri kuposa intaneti.

Zovuta

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linaika maphunziro pa wailesi ndi pa intaneti. Ana a m'mabanja opanda wailesi kapena foni anatsalira, ndipo atsikana ambiri anatenga mimba kapena kukwatiwa sukulu zisanatsegulidwe. Mavuto ena ndi kusowa kwa magetsi, kukwera mtengo kwa mabandulo, kubedwa kwa zipangizo komanso kuchepa kwa anthu odziwa kuzikonza. Zipangizozi zimathandiza kwambiri pamene pali mphunzitsi wophunzitsidwa bwino woti aziona ngati mwana wamvadi zomwe waphunzira.