Madandaulo a Pachipata cha Dziko: Zimene Aphungu a ku Canada Anachita

Pa 31 October 2024 bilu yotchedwa C-20 inalandira chivomerezo cha Ufumu ku Ottawa, ndipo potero Nyumba ya Malamulo ya Canada inatseka mpata umene unakhalapo zaka zoposa 20. Chiyambire 2003, pamene Boma linakhazikitsa nthambi yoyang'anira malire ya Canada Border Services Agency, mlendo kapena nzika yozunzidwa pachipata cha dziko inalibe bungwe loima palokha lomva dandaulo lake. Kalata yake inkapita kwa akuluakulu a ofesala yemweyo. Apolisi a RCMP anali nalo kale bungwe lotere. Lamulo latsopanoli likuti nthambi ziwirizi ziziunikidwa ndi bungwe limodzi, la Public Complaints and Review Commission.

Chenjezo linaperekedwa kale. Mu 2006 Jaji Dennis O'Connor, atafufuza nkhani ya a Maher Arar, nzika ya Canada imene Amereka anaitumiza ku Syria mu 2002 nikazunzidwa kumeneko, anapeza kuti apolisi anapereka mbiri yolakwika ya munthuyo, ndipo analangiza kuti ntchito za chitetezo za a pamalire nazonso ziziunikidwa ndi anthu akunja kwa nthambiyo. Mabilu awiri, wa 2019 ndi wa 2020, anafera m'njira aphungu asanamalize kuwakambirana.

Koma mfundo imene ife tikuiona yolemera koposa ndi ya nthawi. Lamulo lakale linkangoti mkulu wa apolisi ayankhe lipoti la bungwe msanga monga angathere, ndipo owerenga athu ogwira ntchito m'maofesi a Boma akudziwa bwino kutalika kwa mawu oterewa. Dandaulo lina, lonena kuti apolisi ankazonda anthu otsutsa paipi ya mafuta ya Northern Gateway, linaperekedwa mu 2014. Lipoti loyamba linatuluka mu 2017, ndipo mkulu wa apolisi, mayi Brenda Lucki, anayankha mu 2020. M'chigamulo chimene chinalengezedwa mu January 2022, Bwalo la Federal Court linati kuchedwa kumeneku kunaphwanya lamulo. Aphungu tsono analemba chiwerengero m'lamulo momwemo: miyezi 6.

Tisaganize kuti bungweli lapatsidwa ndodo. Ilo limangolangiza; silingachotse ofesala ntchito, ndipo mkulu wa nthambi angathe kukana malangizo ake. Chimene sangathe ndi kukhala chete. Akulu a nthambi zonse ziwiri ayenera kulembera Nduna chaka ndi chaka kufotokoza zimene achita pa malangizowo, ndipo malipotiwo ayenera kuikidwa pamaso pa aphungu. Kuyambira pamenepo ntchito ili m'manja mwa komiti ya Nyumbayo yoona za chitetezo cha anthu, imene ili ndi mphamvu yoitana mkulu wa apolisi kapena wa malire nkumufunsa poyera chifukwa chimene anakanira.