Mfuti ya Madola 200 ndi Mwini Wake Woyamba

M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseketsa masukulu ndi mafakitale, ndipo mizinda yambiri ya ku United States of America idali pa chipwirikiti chifukwa cha kuphedwa kwa George Floyd, anthu adandanda pa makomo a masitolo ogulitsa mfuti monga amachitira pogula chimanga m'nyengo ya njala. Bungwe la FBI, limene limafufuza mbiri ya ofuna kugula mfuti, lidachita ntchitoyi nthaŵi zoposa 39 miliyoni m'chaka chimodzicho. Pakati pa ogulawo padali mamiliyoni a anthu amene adali asanakhalepo ndi mfuti chibadwire, ndipo popeza ndalama zidali zosoŵa, maso a ambiri adagwera pa mfuti za m'manja za madola 200 kapena 250.

Kagulidwe kake si kovuta. Wogula amadzaza chikalata chotchedwa Form 4473, m'mene amalumbira kuti sadamangidwepo pa mlandu waukulu, sagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndiponso kuti mfutiyo akudzigulira yekha osati wina wobisala kumbuyo kwake. Kunama pa chikalatachi ndi mlandu wopititsa munthu kundende. Kenaka wogulitsa amatumiza dzinalo ku kaundula wa NICS, amene adayamba ntchito mu 1998 potsata lamulo la Brady la mu 1993, ndipo kaŵirikaŵiri yankho limafika m'mphindi zochepa. Zigawo zina zimaonjezerapo malamulo awo. Ku California munthu amadikira masiku 10 asanatenge mfuti imene walipira kale.

Mfuti imene ambiri amayamba nayo ndi pisitolo yodziikira yokha chipolopolo. Zipolopolo zimakhala m'kabokosi kotchedwa magazini, kamene kamaloŵa m'chigwiriro. Munthu akakhethemula, mphamvu ya wonga imakankhira m'mbuyo chitsulo cha pamwamba, chimene amachitcha silayidi. Icho chimataya chikhokhombe cha chipolopolo chophulikacho, ndipo pobwerera kutsogolo chimatenga china n'kuchiloŵetsa mu mpope. Kukhethemula kamodzi kumatulutsa chipolopolo chimodzi basi, koma mfutiyo imakhala itakonzeka kale kuombanso.

Yotchuka kwambiri pa zotsika mtengo ndi Hi-Point C9, yopangidwa ku Mansfield m'chigawo cha Ohio. Imanyamula zipolopolo 8 za mamilimita 9, ndipo mtengo wake umazungulira pa madola 200, pamene Glock 19 imaposa madola 500. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. Mfuti zodula zili ndi njira yomangira mpope ndi silayidi pamodzi kufikira moto wa wonga utachepa mphamvu, ndipo kupanga njira imeneyi kumafuna chitsulo cholimba ndi makina osema mosamala. Hi-Point ilibe zimenezo. Chimene chimagwira silayidi yake ndi kulemera kwake ndi sipuling'i chabe, motero silayidiyo amaiumba yaikulu ndi yolemera kuchokera ku zitsulo zosakaniza ndi zinki, zimene zimasungunuka msanga ndipo sizidula. Zotsatira zake ndi mfuti yonyansa maonekedwe, yolemera kumtunda, imene akatswiri amaiseka. Komabe imaomba, ndipo kampani yake imalonjeza kuikonza mwaulere moyo wake wonse, ngakhale itasintha manja. Amene ali ndi kangachepe koonjezera amatenga Taurus G2C, ya kampani ya ku Brazil, yonyamula zipolopolo 12.

Anthu a ku America sadayambe dzulo kukayikira mfuti yotsika mtengo. Mu 1968, Martin Luther King Jr. ndi Robert Kennedy ataphedwa, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Gun Control Act, lamulo limene mwa zina lidatseka khomo kwa timfuti tating'ono totchipa tochokera kunja. Koma lamulolo silidaletse kupanga timfuti tomweto m'dzikomo. Mu 1970 George Jennings adatsegula kampani ya Raven Arms kum'mwera kwa California, ndipo pambuyo pake achibale ake ndi anzawo adatsegula Jennings, Davis, Bryco ndi Lorcin m'dera lomwelo. Mfuti zawo, zimene anthu ankazinena monyoza kuti Saturday night special, zidagulidwa mamiliyoni, ndipo apolisi ankazipeza kaŵirikaŵiri pa malo a milandu.

Choopsa cha zina mwa izo sichidali m'manja mwa zigaŵenga mokha. Mu 1994 mnyamata wina wa zaka 7 ku California adaomberedwa pa nkhope ndi munthu amene ankamlera, amene adali kuyesa kuchotsa chipolopolo mu mfuti ya Bryco. Mfutiyo idapangidwa mwakuti munthu sakadatha kuchotsa chipolopolo cha mu mpope popanda kuyamba watsegula loko wotchinjiriza ngozi. Mwanayo adafa ziŵalo kuyambira m'khosi kutsika. Mu 2003 bwalo la milandu lidagamula kuti kampaniyo ilipire madola 24 miliyoni, ndipo iyo idalengeza kuti yagwa. Chodabwitsa n'chakuti bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, lili ndi mphamvu pa zidole za ana ndi mbaula za magetsi, koma lamulo lidaliletsa kukhudza mfuti. N'chifukwa chake California idadziikira mayeso akeake kuyambira mu 2001: mtundu uliwonse wa mfuti ya m'manja uyenera kuomba zipolopolo 600 popanda kukakamira koposa kasanu n'kamodzi, ndiponso kugwetsedwa pa simenti popanda kuphulika, usanaloledwe m'masitolo.

Pano n'kwapafupi kuŵeruza kuti mfuti yotchipa ingoletsedwa. Koma mayi wogwira ntchito ya usiku, wokhala kumene apolisi amachedwa kufika, angafunse chifukwa chimene ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko lake uyenera kuyambira pa madola 500. Funso lakelo n'lomveka. Ndiponso mtengo wokwera si chikole cha chitetezo: mu 2015 Taurus idavomera kukonza kapena kubweza ndalama pa mfuti pafupifupi miliyoni imodzi zimene eni ake adadandaula kuti zimaphulika zikagwa, koma mu 2017 SIG Sauer nayo idaitana eni a P320, mfuti yodula kutalitali, kuti akaisinthitse ziŵalo pa dandaulo lofananalo.

Chimene wogula woyamba sachiŵerengera ndi chakuti madola 200 aja ndi chiyambi chabe. Zipolopolo 1,000, zimene wophunzira wakhama amazitha m'miyezi yoŵerengeka, zimadya ndalama zofanana ndi mtengo wa mfutiyo. Pali malipiro a pa bwalo loombera, zotseka m'makutu, magalasi oteteza maso, magazini apadera, chimake cholimba chophimba pokhethemulira, ndi mphunzitsi. Safunsa adadya phula: wodziphunzitsa yekha amagwira mfuti mofooka, silayidi n'kulephera kumaliza ulendo wake, chikhokhombe n'kukakamira pa khomo, iye n'kumanyoza kampani pa cholakwa cha dzanja lake lomwe.

Kusamala mfuti kumayamba ndi dongosolo limene silisinthika. Zipolopolo zimaikidwa m'chipinda china. Magazini ndiwo amayamba kutuluka, ndipo pambuyo pake m'pamene silayidi imakokedwa kuti mwini aone ndi maso, akhudzenso ndi chala, ngati mu mpope mulibe kanthu. Wochita motembenuza, kukoka silayidi magazini akadali momwemo, amachotsa chipolopolo chimodzi n'kuloŵetsa china osadziŵa. Ngozi zambiri zotchedwa za poyeretsa zimabadwira pamenepa, makamaka popeza mitundu ina, monga Glock, imafuna kuti munthu akhethemule asanaiphwasule. Zotsalazo n'zopepuka: kutsuka mpope ndi kaburashi, kupukuta mwaye, ndi kudonthezera mafuta pang'ono pamene zitsulo zimakhudzana. Mafuta ochuluka amakoka fumbi ndi mchenga. Sipuling'i imatopa ndipo imafuna kusinthidwa, ndipo mfuti ikayamba kukakamira, wanzeru amayamba wakayikira magazini. Pomaliza asambe m'manja, pakuti zipolopolo zimasiya mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana.

Pakapita miyezi iŵiri kapena itatu, mwini mfuti amayamba kuchita nayo manyazi, ndipo amalonda amadziŵa bwino nthaŵi imeneyi. Amamuonetsa zolozera zoŵala mu mdima, kagalasi koonetsa kadontho kofiira pa chandamale, masipuling'i ofeŵetsa pokhethemulira, ndi utoto wa mitundumitundu. Kagalasi kabwino kamadula kuposa Hi-Point yeniyeniyo, ndipo woika zonsezi amapezeka kuti waononga ndalama zimene zikadamgulira mfuti yabwinopo pachiyambi. Zolozera zooneka bwino ndi chigwiriro chosaterera n'zothandiza ndithu. Koma kufeŵetsa pokhethemulira n'kuchotsa mpanda umene wopanga adauika dala pakati pa chala chonjenjemera ndi imfa ya munthu, ndipo kaŵirikaŵiri kumafafaniza lonjezo la kampani lokonza mwaulere. Tizipangizo tosandutsa pisitolo kukhala yolavula zipolopolo mosalekeza ndiye tili kunja kwa nkhani ya kukometsa: lamulo la dzikolo limatiŵerengera ngati mfuti ya chiwaya, ndipo wopezeka nato angathe kukhala m'ndende zaka 10.

Chinthu chimene chimasinthadi mfuti yotereyi sichimangidwa pa mfutiyo ayi. Mu 2021 anthu 48,830 adafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka, anthu 26,328, adadzipha okha. Ambiri amene amayesa kudzipha mwa njira zina amapulumuka, mtima n'kudzatsika pambuyo pake. Mfuti sipereka mpata wotero. Munthu wogula mfuti poopa wakuba wa usiku amaloŵetsa m'nyumba chinthu chimene chidzakhalamo masiku onse: tsiku la mkangano wa m'banja, tsiku limene ntchito yatha, tsiku limene mwana wa zaka zinayi wakwera pa mpando n'kufika pamwamba pa kabati. Kabokosi kachitsulo kokhoma, kotseguka msanga ndi manambala, kamagulidwa pa mtengo wocheperapo kuposa kagalasi ka kadontho kofiira kaja. Lamulo la mu 2005 limalamula sitolo iliyonse yogulitsa mfuti kupereka chokhomera pamodzi ndi mfuti ya m'manja, ndipo kaŵirikaŵiri chimakhala kachingwe ka waya kokhala ndi loko, kamene kamapisidwa m'malo a magazini n'kutulukira pa khomo la silayidi. Lamulo limenelo limathera pa kauntala ya sitolo. Silifika kunyumba kukaona ngati kachingweko kadatuluka m'pepala lake.