Kodi Mumadziwa?

Bere lokha, lopanda kusakaniza ndi kanthu kena, limateteza khanda ngakhale pamene mayi wake ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo choonadi chimenechi chinaonekera mu mzinda wa Durban, kumene kuli doko lalikulu la South Africa, m'chaka cha 1999.

Anna Coutsoudis ndi anzake a ku University of Natal, atalondola amayi ndi makanda awo kufikira miyezi itatu, anapeza kuti mwa ana 100 alionse oyamwa bere lokha, pafupifupi 15 ndiwo anatenga kachilomboko, pamene mwa opatsidwanso madzi, phala kapena mkaka wa m'chitini anali 24.

Akatswiri amati zakudya zoonjezerazo zimavulaza matumbo anthete a mwana, ndipo kachilombo kamapeza polowera.

Chotero mayi amene mtima wake ukayika, nati mkaka wanga sukwanira, alimbike mtima, amwe mankhwala a ARV mokhulupirika, ndi kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba monga alangizira anamwino. Pakuti akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.