Gorila Amene Anadutsa Pamaso pa Anthu

Lero tiyeni tilowe m'kachipinda kena, ka mtundu umene umapezeka m'mayunivesite kumene amafufuza za maganizo a munthu. Mulibe zambiri: tebulo, mpando ndi kompyuta basi. Makatani atsekedwa, foni yatsala panja. Wophunzira amene wadzipereka kuti ayesedwe wasaina kale pepala lovomera, ndipo amuuza kuti akhoza kusiya nthawi iliyonse akafuna. Wakhala pansi, zala zili pamabatani.

Pakati pa sikirini pakutuluka kamtanda, kuti maso akhazikike pamenepo. Kenako pakubwera liwu limodzi. Liwulo likuti "kufiira", koma zilembo zake ndi zobiriwira. Lamulo ndi limodzi lokha: zimene liwulo likunena zisiyeni, dinani batani la mtundu wa zilembozo, ndipo dinani msanga. Chala chikunyamuka, chikuima kaye pang'ono, kenako chikudina. Kuima kumeneko ndi kochepa moti inu mutaimirira pambali simungakuone, koma kompyuta yakulemba, pakuti imagawa sekondi imodzi m'tizidutswa 1,000. Mawu amabwera ambirimbiri, osakanizidwa kuti munthu asalosere lotsatira. Ena mtundu ndi tanthauzo zimagwirizana, ena zimatsutsana. Pomaliza wofufuza amayerekeza magulu awiriwo, ndipo pafupifupi nthawi zonse dzanja limachedwa pamene liwu ndi mtundu zikukangana.

Mayeso amenewa amatchulidwa ndi dzina la John Ridley Stroop wa ku Tennessee, m'dziko la America, amene anawafalitsa mu 1935. Iye analibe kompyuta. Anali ndi mapepala ndi wotchi. Anthu ake ankatenga masekondi pafupifupi 63 kutchula mitundu ya timabokosi 100, koma masekondi pafupifupi 110 pamene mitunduyo inali pa mawu otsutsana nayo. Munthu wodziwa kuwerenga sangathe kuletsa maso ake kuwerenga, ngakhale atafunitsitsa. Stroop mwiniwake sanakhalitse pa kafukufuku wotere. Zaka zambiri za moyo wake anaphunzitsa Baibulo pa David Lipscomb College mumzinda wa Nashville.

Inu amene mukumva ndi makutu, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Mu 1953, Colin Cherry anaveka anthu mahedifoni, khutu lililonse likumva uthenga wakewake, n'kuwauza kuti azibwereza mokweza za khutu limodzi lokha. Atawafunsa za khutu linalo, ambiri sankadziwa n'komwe kuti chilankhulo chinasintha pakati. Mu 1959, Neville Moray anaika dzina la munthuyo m'khutu lonyalanyazidwalo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse analimva. Zili ngati pamsika tsiku la Loweruka: phokoso lonselo limangodutsa, koma wina akatchula dzina lanu kuseri kwa benchi ya tomato, khosi limatembenuka lokha.

Tsopano tifike pa gorila.

Mu 1999, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, ali pa Harvard University, anafalitsa zotsatira za kanema wamfupi amene anajambula ndi ophunzira awo. Mukanemayo muli anthu asanu ndi mmodzi, atatu ovala malaya oyera, atatu ovala akuda, akuponyerana mipira ya basketball uku akuzungulirazungulira. Woonera amauzidwa kuti awerenge kuti ovala zoyera apatsirana mpira kangati. Ntchito yake si yapafupi. Mpira ukuthamanga, anthu akupingasana. Ndiye pakati pa zonsezo pakulowa munthu wovala chovala cha gorila, thupi lonse bii. Sakubisala, sakuthamanga. Akufika pakati penipeni, akuyang'ana kamera, akudziguguda pachifuwa, n'kutuluka mbali inayo. Waoneka masekondi 9 athunthu.

Kanema akatha, wofufuza amayamba wafunsa nambala. Kenako amafunsa modekha ngati munthuyo waona china chilichonse chachilendo. Pafupifupi theka la oonera amati ayi. Akawaonetsanso kanemayo, ulendo uno osawerenga kanthu, ena amaseka, ena amagwira pakamwa, ndipo ena amakana kwamtuwagalu, amati wofufuzayo wasintha kanema. Kukana kumeneko n'kumene kumandikhudza kwambiri. Munthu sadabwa chabe kuti sanaone. Amakhala wotsimikiza ndi mtima wonse kuti chinthu chotere sichikanamudutsa. Simons ndi Chabris anamanga pa maziko a Ulric Neisser, amene m'zaka za m'ma 1970 anachita zofanana ndi mayi wonyamula ambulera, koma gorilayu ndiye anatchuka padziko lonse.

Kuyendetsa mayeso otere kuli ndi vuto lakelake: munthu mmodzi amayesedwa kamodzi kokha. Akangodziwa za gorila, basi, maso ake adzamudikira. N'chifukwa chake ofufuza amachotsa zotsatira za aliyense amene anamvapo kale, ndipo amapempha amene ayesedwa kuti asakaululire anzawo. Inunso omvera, pepani, kuyambira lero simungakhalenso m'gulu la oyesedwa.

Mwina mukuti awo anali anthu wamba, katswiri sangapusitsidwe chotero. Mu 2013, Trafton Drew, Melissa Võ ndi Jeremy Wolfe a ku Brigham and Women's Hospital mumzinda wa Boston anaitana madokotala 24 odziwa kuwerenga zithunzi za m'kati mwa thupi. Anawakhazika pa kompyuta kuti afunefune timatotupa m'zithunzi za mapapo, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. M'zithunzi za wodwala womaliza anaikamo kachithunzi ka gorila, kakakulu kuwirikiza ka 48 poyerekeza ndi katotupa wamba. Madokotala 20 mwa 24 aja sanakaone. Pa kompyutapo panali kachipangizo kotsata kumene diso likuyang'ana, ndipo kanaonetsa kuti ambiri mwa amene sanaone gorilayo, diso lawo linagwera pa iye ndithu. Diso linafika, koma maganizo anali pa timadontho toyera timene ankasaka. Awa si madokotala aulesi. Luso lomwelo lowathandiza kupeza matenda ndi limene linawatsekera china chilichonse.

Nkhani imeneyi siithera m'chipinda cha kompyuta. Usiku wina mu January 1995, apolisi a ku Boston ankathamangitsa anthu oganiziridwa kuti awombera munthu. Mmodzi wa apolisiwo, Michael Cox, munthu wakuda, anali atavala zovala wamba. Atafika pa mpanda, apolisi anzake anamuyesa chigawenga, n'kumumenya koopsa. Wapolisi wina, Kenny Conley, anadutsa pafupi pomwepo akuthamangitsa mmodzi wa oganiziridwawo, analumpha mpanda, n'kukamugwira. Atafunsidwa, Conley anati kumenyedwa kwa Cox sanakuone. Bwalo silinamukhulupirire. Mu 1998 anapezeka wolakwa pa mlandu wonama atalumbira, ndipo anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 34.

Chabris ndi anzake anafuna kudziwa ngati zotere n'zotheka. Mu 2011 anafalitsa zimene anapeza atauza anthu kuti athamange pambuyo pa munthu wina, akuwerenga kuti wagwira kumutu kangati. M'mbali mwa njira anaikamo anthu atatu akunamizira ndewu, awiri akumenya mmodzi. Usiku, anthu 35 okha pa 100 alionse ndi amene anaona ndewuyo. Masana dzuwa likuswa mtengo, anaiona 56 pa 100 alionse.

Zimenezi sizitiuza zimene Conley anaona usiku umenewo. Palibe kompyuta ingalowe m'mutu mwake. Zimangosonyeza kuti mawu ake akuti sanaone akhoza kukhala oona, pamene oweruza ankaganiza kuti munthu sangadutse pafupi chotero osaona. Chigamulo chake chinadzathetsedwa pambuyo pake, ndipo anabwerera ku ntchito ya upolisi mu 2006. Michael Cox, amene anavulazidwa ndi anzake omwe, sanachoke m'ntchitoyo. Anakwera maudindo, ndipo mu 2022 anasankhidwa kukhala mkulu wa apolisi onse a mzinda wa Boston.