Amisiri a makompyuta ndi makasitomala obwerabwera

Mu Limbe, ku Area 2 mu Lilongwe ngakhalenso m'tauni ya Mzuzu simungasowe kashopu kothina komwe mnyamata wakhala pakati pa malaputopu ophwasulaphwasula, khosi lili zyoli, mafulashi atalendewera pa chingwe cha makiyi. Awa ndiwo amisiri okonza makompyuta. Ena anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja, ena ku MUBAS yomwe kale tinkaitcha Polytechnic, koma ambiri luso analitola poyang'anira mkulu wawo ndi poonera YouTube usiku.

Katundu amene amagwira tsiku ndi tsiku ndi wa kaunjika: ma Dell Latitude, HP EliteBook ndi Lenovo ThinkPad omwe anatha kale ntchito m'maofesi a kunja. Ndi makina olimba, koma zaka zawapeza. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri a m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'mabizinesi ang'onoang'ono safikapo pamenepo. Tsono mmisiri amakhala ndi njira zitatu: kuisiya Windows yakaleyo iziyenda yopanda chitetezo chatsopano, kukakamiza Windows 11 mozembetsa, kapena kuikamo Linux, makamaka Linux Mint kapena Ubuntu ya Canonical, kampani ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yomwe inayamba kutuluka mu 2004. Linux ndi yaulere, siilemetsa makina okalamba, ndipo mavairasi oyenda m'mafulashi, aja amabisa mafayilo n'kusiya mashotikati okhaokha, saigwira.

Kuikamoko ndiye sikuvuta. Ola limodzi lakwana, bola magetsi asathime pakati. Ntchito yeniyeni imayamba mawa lake.

Amabwera mayi wolemba makalata a mpingo, laputopu ili mu chitenje. "Achimwene, Word yanga mwaiika kuti?" Mmisiri amawatsegulira LibreOffice Writer, n'kuwaonetsa kuti zonse ndi zomwe zija, angosintha ndi malo a mabatani. Koma pali msampha womwe mmisiri wosasamala amauiwala: pulogalamuyi ikasiyidwa mmene inabwerera imasunga kalata ngati .odt, ndipo ikafika kwa abusa kapena kosindikiza, mizere imatha kusokonekera. Wodziwa ntchito amasinthiratu kuti izisunga ngati .docx, n'kuwaphunzitsa mayiwo kuti chokasindikiza azichisandutsa PDF. Amaikamonso zilembo za Times New Roman, poti sizibwera zokha, ndipo wophunzira wa kukoleji amene aphunzitsi ake analamula zilembo zimenezo sangamve zakuti Liberation Serif ndi yofanana nayo kukula.

Mkucha wake ndi pulinta. Za HP zambiri zimangogwira, koma zina zimafuna kusakasaka madalaivala pa intaneti, ndipo bandulo imene ikutha pamenepo ndi ya mmisiri. Kenako: "Nanga C ija ili kuti?" Mu Linux mulibe C kapena D, zonse za munthu zimakhala mu foda ya Home. Wina wakopera pulogalamu ya .exe kwa mnzake, wadinadina mpaka chala kuwawa, osatseguka. Ayenera kuuzidwa kuti kuno mapulogalamu amatengedwa mu Software Manager, monga zimakhalira ndi Play Store pa foni. Wina akudabwa kufunsidwa pasiwedi nthawi zonse akafuna kuikamo kanthu, akuganiza kuti mmisiri wamutsekera dala. Olemba Chichewa chakale chija chokhala ndi ŵ amafunsa za chilembocho, ndipo yankho ndi limodzi mu Word ndi mu LibreOffice momwe: kulemba U+0175 kenako kudina Alt pamodzi ndi X.

Ine ndimati mmisiri amadziwika pa zinthu ziwiri, ndipo zonse sizioneka pa chikwangwani. Choyamba, asanafomate amafunsa kawiri ngati zithunzi za ukwati, mayeso a ana ndi maakaunti a bizinesi zakoperedwa pena, chifukwa zikafufutika n'kulembedwapo zina, kulira sikubweza kanthu. Chachiwiri, amafunsa kuti kompyutayo imagwira ntchito yanji. Wojambula makadi a ukwati pa CorelDRAW kapena Photoshop, ngakhalenso wowerengera ndalama pa Sage, kumuikira Linux yokha ndi kumuphera msika, poti mapulogalamu amenewo sayenda mwachindunji mmenemo. Wotere amamugawira diski pawiri kuti azisankha poyatsa, kapena kungomuuza zoona kuti asasinthe. Alipo ena, tisabise, amene amangofomata chilichonse chobwera, ngakhale vuto litakhala la batire.

Chopweteka pa ntchitoyi ndi malipiro. Kasitomala amalipira kamodzi, ndalama ya kuikamo, ndipo maulendo onse obwera pambuyo amawawerengera momwemo. Mafoni a usiku, mavidiyo a pa WhatsApp oonetsa sikirini yakuda, kuphunzitsa agogo kuchotsa fulashi bwinobwino, palibe amene amaziika pa lisiti. Amisiri ena ayamba kunena mtengo wa maphunziro padera asanayambe n'komwe, ena amalemba masitepe asanu pa pepala n'kumata pa chivundikiro cha laputopu kuti foni ichepeko kulira.